Mabawuti a fairing ya njinga yamoto sakugwira: kodi ma insert otha mazinga amakonzeka?

Wanjinga600

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi vuto ngati langali. Njinga yanga yamoto ndi ya ku Japan, ndinaigula itagwirapo kale ntchito, ndipo pamene ndimafuna kuchotsa kava ya kumanzere ya fairing, makava apulasitiki ophimba njinga kunja aja, kuti ndifike pa radiator, ndapeza kuti mabawuti atatu sali bwino. Yoyamba imangozungulira malo amodzi, siituluka ndiponso siilowa. Yachiwiri imalowa bwinobwino, koma ikafika kumapeto siithina, imangopitirira kuzungulira. Yachitatu inatuluka pamodzi ndi kachitsulo kachikasu kokhala ndi mazinga m'kati, ka insert kamene kamayenera kukhala kokhazikika mu pulasitiki, ndipo pamalo pamene kanachokapo pali mng'alu waung'ono. Mabawuti onsewa ndi a M5, ndiye kuti onenepa 5 mm. Ena andiuza kuti ndigule Helicoil, kawaya kobwezeretsa mazinga otha, ena akuti guluu wa epoxy ndi wokwanira, pamene ena akuti ndingogula kava ina. Kava imeneyi penti yake ikadali yabwino kwambiri, choncho sindikufuna kuitaya ngati pali njira yoikonzera.

Galajayakale

Achimwene, musagule chilichonse kaye, chifukwa zimene mwafotokozazi ndi matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala a amodzi sangachize enawo. Anthu ambiri bawuti ikangozungulira amanena kuti yatha mazinga, koma pa fairing nthawi zambiri mazingawo amakhala ali bwinobwino, chimene chalephera ndi pulasitiki imene imagwira ka insert. Bawuti yanu yoyamba ndikukhulupirira kuti yagwirana zolimba ndi insert, mwina chifukwa cha dzimbiri kapena chifukwa inalowetsedwa mopendama, ndipo tsopano zonse ziwiri zikuzungulira limodzi mu pulasitiki. Yachiwiri ndi imene mwina yathadi mazinga, ngakhale kuti muyenera kuiyang'ana kaye bawutiyo, popeza nthawi zina mazinga otha amakhala a bawuti osati a insert. Yachitatu ndiye yodziwikiratu, pulasitiki yang'aluka ndipo yataya chimene inagwira.

Chinthu china chimene muyenera kuona ndi chakuti si bowo lililonse la pa fairing limene lili ndi insert ya mu pulasitiki. Tengani tochi muyang'ane kuseri kwa bawuti iliyonse. Mabowo ena ali ndi well nut, kalabala kokhala ndi mkombero pamwamba ndi kanati kachikasu pansi pake, kamene kamatupa bawuti ikamathina n'kugwira m'bowomo. Ena ali ndi kapanichitsulo kopindika ngati chilembo cha U, kamene kamangolowetsedwa pa khutu la pulasitiki. Ena amalowa mu nati yowotchereredwa pa bulaketi yachitsulo, kapena m'mazinga odulidwa mu felemu ya aluminiyamu. Well nut ndi kapanichitsulo sizikonzedwa, zimangosinthidwa, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Ndaonapo anthu akuvutika ndi guluu tsiku lonse pa bowo limene linkangofuna well nut yatsopano, chifukwa labala yakaleyo inali itauma n'kuthetheka. Tiuzeni zimene mwapeza kuseriko tisanapitirire.

Mayi_Mabawuti

Ndikugwirizana ndi a Galajayakale, koma ndionjezepo chimodzi chimene chimalamula njira yonse yokonzera, ndicho mtundu wa pulasitiki. Kum'kati kwa kava iliyonse opanga amadindako zilembo zosonyeza zimene anapangira, ndipo zimakhala pakati pa zizindikiro ziwiri, monga >ABS< kapena >PP< kapena >PA6<. Makava openta akunja nthawi zambiri amakhala a ABS, pamene akuda osapenta a m'kati ndi apansi kawirikawiri amakhala a PP, ndiye kuti polypropylene. Kusiyana kwake n'kwakukulu. ABS imasungunuka ndi acetone, mankhwala amadzimadzi osungunulira penti ndi guluu, imawotcherereka mosavuta, ndipo guluu amaigwira ndithu. PP siisungunuka ndi acetone ndipo guluu wamba saigwira konse, moti epoxy amene mwamuika pa PP amaoneka ngati wagwira, koma mukamukankha ndi chikhadabo amasupuka yense nthawi imodzi. Ngati zilembozo sizikuoneka, donthezani kadontho ka acetone kum'kati kwa kava, pamalo obisika opanda penti, kenako mukhudzepo pakapita kanthawi. Pakamata ndiye kuti ndi ABS. Musalole acetone kufika pa penti kapena pa windscreen, chifukwa amawononga nthawi yomweyo.

Mphepo_Yamsewu

Ine ndimaona ngati tikuikulitsa nkhaniyi. Fairing si injini, ntchito ya mabawuti amenewa ndi kungogwira pulasitiki kuti isagwedere. Chotsani ma insert onsewo, mupeze masikuluu okulirapo amene amadula okha mazinga mu pulasitiki, mupake mankhwala a buluu oletsa kumasuka aja, mumange, basi mwamaliza. Pamene zakanika mumangepo ndi cable tie. Njinga zambiri zikuyenda choncho.

Mayi_Mabawuti

Pepani achimwene a Mphepo_Yamsewu, koma pa mankhwala a buluuwo ndikutsutsani poyera, chifukwa wina akhoza kuwerenga n'kukawononga kava yabwino. Mankhwala oletsa kumasuka a mtundu wa Loctite 243 anapangidwira chitsulo ndi chitsulo, ndipo amauma pokhapokha atatsekeredwa pakati pa mazinga achitsulo popanda mpweya. Amene atayikira pa pulasitiki amakhalabe amadzimadzi, amalowerera mu ABS, ndipo pamalo pamene pali kale mphamvu ya bawuti yothina pamayamba ming'alu yaing'onoing'ono yochokera pa bowo kupita mbali zonse. Choipa chake n'chakuti izi sizichitika mukuona, zimadzaonekera pambuyo pake, khutu la kava litathothoka lokha popanda kugunda chilichonse. Opanga mankhwalawo eni ake amachenjeza za zimenezi, ndipo ali ndi mtundu wina, Loctite 425, umene anaukonzera mabawuti okhudzana ndi pulasitiki. Komabe pa fairing sindiona chifukwa chogwiritsira ntchito uliwonse, popeza labala ndi mawashala a nayiloni amene ali pansi pa mitu ya mabawuti ndi amene amaletsa kumasuka.

Za sikuluu yodula yokha mazinga, imagwiradi tsiku loyamba. Vuto ndi lakuti fairing imachotsedwa kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse imene sikuluuyo yabwerera popanda kutsata njira yake yakale imadula ina yatsopano, mpaka m'bowomo mutsale ufa wokhawokha. Ichi ndicho chifukwa chake opanga anaikamo insert yachitsulo poyamba. Komanso sikuluu yokulirapo imakankhira pulasitiki kunja, ndipo a Wanjinga600 anena kale kuti pamalo amodzi pali mng'alu.

Mphepo_Yamsewu

Za ming'aluzo ndamva, mayi. Koma ndikuumirirabe kuti pa makava akuda a m'kati, amene opanga eni ake amawamanga ndi masikuluu otere, palibe cholakwika kubwezerapo sikuluu yokulirapo pang'ono.

Galajayakale

Pamenepo sindikukutsutsani, malinga ngati bowolo linapangidwira sikuluu yotere kuchokera ku fakitale, ndiponso ngati pomanga muyamba mwaizungulitsa chobwerera m'mbuyo mpaka mutamva kuti yagwera m'njira yake yakale. Koma vuto la mnzathuyu lili pa kava yakunja imene imalimbana ndi mphepo, ndipo kava yotere ikamasuka njinga ikuthamanga ikhoza kupindikira ku tayala kapena kutchinga chiwongolero. Cable tie ndi yofikira nayo kunyumba, osati yokhalitsa.

Wanjinga600

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana monga mwanenera. Kum'kati kwa kava kwalembedwa >ABS<. Bawuti yoyamba ndi yachitatu zili mu ma insert a mu pulasitiki ya kava ina imene imalumikizana ndi iyi, ndipo ndikazungulitsa yoyambayo ndikuonadi ka insert kakuzungulira nayo limodzi. Yachiwiri ija ikulowa mu bulaketi ya aluminiyamu imene yamangidwa pa felemu, ndipo nditaitulutsa ndapeza tizidutswa ta aluminiyamu titazengerezeka pa mazinga ake ngati kawaya. Funso langa loyamba tsopano ndi lakuti, yoyambayo ndiichotse bwanji popanda kuswa kava, popeza ndiyo ikutsekereza zonse?

Galajayakale

Tsopano chithunzi chaoneka bwino. Yambani ndi njira yofatsa. Thirani kadontho kochepa ka mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga kuchokera kuseri, ndipo mupukute amene atayikira pa pulasitiki. Kenako lowetsani chinthu chaphanthiphanthi chapulasitiki pansi pa mutu wa bawuti, muchikwezere kunja pamene mukumasula pang'onopang'ono. Kukoka kumeneku kumachititsa kuti mano akunja a insert alumenso pulasitiki, ndipo nthawi zina kuluma kochepa komweko kumakwana kuti bawuti iyambe kumasuka. Ikani tepi pa penti mozungulira bawutiyo musanayambe. Ngati mbali ina ya insert ikuonekera kuseri, igwireni ndi pulaya yosongoka kukamwa.

Zimenezi zikakanika, gwiritsani ntchito moto, koma wa ayironi yowotcherera mawaya, osati malawi. Gunditsani nsonga yake pa mutu wa bawuti, kutentha kuyende m'bawutimo mpaka kukafike pa insert. ABS imayamba kufewa ikafika cha m'ma 105°C, kotero sipatenga nthawi yaitali kuti pulasitiki yozungulira insert ifewe, ndipo mukakoka bawutiyo ndi pulaya, insert imatuluka nayo limodzi. Chenjerani apa: bowo la kava yakunja ndi laling'ono kuposa insert, choncho muyambe mwamasula mabawuti ena onse kuti makava awiriwo athe kupatukana, insert ituluke mu kava ya m'kati koma itsalire ili pa bawuti pakati pa ziwirizo. Zikatero mumaigwira ndi pulaya n'kumasula bawuti mosavutika.

Kuboola mutu wa bawuti ndi dirilo ndi njira yomaliza, ndipo sindiikonda. Bawuti imene ikuzungulira kale imangozungulira limodzi ndi dirilo, kutentha kumakwera msanga, ndipo mumapezeka kuti mwasungunula kava yakunja pamalo oonekera. Ngati palibe kuchitira mwina, boolani pang'onopang'ono, muzipumira, ndipo wina agwire kuseri.

Mmisiri_wa_Pulasitiki

Ndalowa mochedwa, koma ndilankhulepo pa za kubwezeretsa insert, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Ka insert kameneka kunja kwake kali ndi mano. Ena ndi opingasa, oletsa kuti kasazungulire, ndipo pali timakwawa toletsa kuti kasazuke. Mphamvu yake yonse imachokera ku pulasitiki imene inalowa pakati pa manowo. Kakazungulira kamodzi kokha, manowo amasandutsa bowo lija kukhala losalala, ndipo kubwezeramo komweko n'kuthirapo super glue sikuthandiza, chifukwa guluu ameneyu ndi wouma gwaa, amathetheka ndi kunjenjemera kwa injini, ndiponso sadzaza mpata. Pakufunika kubwezeretsa pulasitiki pakati pa manowo, ndipo pali njira ziwiri zimene ndimazidalira.

Yoyamba ndi yogwiritsa ntchito insert yatsopano yolowetsa ndi moto, ya mazinga omwewo a M5 koma yonenepa pang'ono kunja kwake kuposa yakale, kapena yotalikirapo ngati bowo lili lakuya mokwanira. Mumaiika pakamwa pa bowo, mumaikhudza ndi nsonga ya ayironi yowotcherera imene yatentha pakati pa 220°C ndi 250°C, ndipo mumaisiya kuti imire yokha ndi kulemera kwa dzanja basi, osaikankha mwamphamvu. Ikatsala pang'ono kufika, chotsani ayironi n'kumalizitsa ndi chitsulo chozizira chaphanthiphanthi, kuti ikhale molingana ndi pamwamba pa pulasitiki ndiponso iwongoke. Musamangemo bawuti mpaka pataziziratu. Njira imeneyi imafuna kuti chipupa cha pulasitiki chozungulira bowo chikhale chochindikala ndiponso chopanda mng'alu, choncho ingagwire pa bowo lanu loyamba, osati lachitatu.

Yachiwiri ndi yopanga phala la ABS. Dulani tizidutswa ta ABS yosapenta, monga ta kava yakale yothyoka, muike m'kabotolo kagalasi kokhala ndi chivindikiro chachitsulo, muthire acetone wongomiza tizidutswato, ndipo musiye usiku wonse. M'mawa mupeza phala lokhuthala. Tsukani bowo lichoke mafuta onse, likandeni m'kati ndi nsonga ya mpeni, linyowetseni ndi kadontho ka acetone kuti pamwamba pake pafewe, kenako pakani phalalo m'bowomo ndi pa mano a insert. Mangani insert pa bawuti yaitali imene mwaipaka gilizi wochepa pa mazinga okha, kuti phala lisalowe m'kati, ndipo mugwiritse ntchito bawutiyo ngati chogwirira polowetsa. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti si guluu amene wamata zinthu ziwiri zosiyana, koma pulasitiki yakale ndi yatsopano zimasungunukirana n'kukhala chinthu chimodzi. Kuipa kwake ndi nthawi. Pamwamba pamauma msanga n'kukunyengani, koma m'kati acetone amatuluka pang'onopang'ono, ndipo phala likakhala lochindikala limafuna masiku awiri kapena atatu. Limafotanso likamauma, choncho ndi bwino kupaka mopyapyala kangapo kusiyana ndi kuunjika kamodzi. Gwirirani ntchitoyi pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, chifukwa acetone sachedwa kuyaka.

Pa bowo lachitatu yambani ndi mng'alu. Boolani kabowo kakang'ono, ka 1.5 mm kapena 2 mm, kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo kuti usapitirire, semani kangalande kum'kati motsata mng'alu, ndipo mudzaze ndi phala kapena muwotcherere ndi ndodo ya ABS. Ine ndimakonda kuveka kachubu kachitsulo kopyapyala kunja kwa nsonga ya pulasitiki imene imasunga insert, kapena kuikulunga ndi kawaya kopyapyala n'kukakwirira ndi phala, chifukwa mng'alu wotere umabwera chifukwa chokankhidwa kuchokera m'kati, ndipo ukapanda chouzinga kunja umadzatsegukanso.

Injiniya_Wopuma

Zimene mwafotokoza n'zoona, koma musataye epoxy ngati kuti alibe ntchito. Si aliyense amene angapeze ABS yoyera yoti asungunule, ndipo wina akasakaniza tizidutswa ta pulasitiki imene sakuidziwa amapanga phala losalimba. Epoxy wa magawo awiri wouma pang'onopang'ono, kapena guluu wa mtundu wa methacrylate amene amagulitsidwa kuti ndi womatira pulasitiki, amagwira ABS bwino ngati malowo akandidwa ndi sandipepa yokhakhala ndi kutsukidwa ndi spirit. Chinsinsi chake ndi kusadalira kumata kokha. Semani timaenje kapena timizere m'kati mwa bowo, kuti pansi pakhale potakata kuposa pakamwa, ndipo epoxy akauma amakhala ngati kiyi amene sangazungulire kapena kuzuka ngakhale kumata kutalephera. Wouma m'mphindi zisanu uja sindimulimbikitsa, makamaka pa makava oyandikana ndi radiator kapena ekizozi, chifukwa amafewa akatenthedwa.

Mmisiri_wa_Pulasitiki

Pa methacrylate ndikuvomerezani, bambo, chifukwa amaluma ABS mofanana ndi mmene acetone amachitira. Pa epoxy wamba ndimakayikabe, popeza akauma amalimba kuposa ABS, ndipo kava ikamapindika ndi mphepo malire a ziwirizo ndi amene amayamba kulekana. Koma timaenje mwanenato timathetsadi mbali yaikulu ya nkhawa yangayi.

Pali mfundo imodzi imene tonse sitinaitchule, ndipo ndi yofunika pa njira iliyonse: insert iyenera kuuma ili poloza pamene bawuti idzachokere. Musaiike mongoyerekeza ndi maso kava ili pa tebulo. Phala kapena guluu asanaumiretu, lumikizani makava awiriwo mmene amakhalira pa njinga, mulowetse bawuti yopakidwa gilizi ija kudzera m'bowo la kava yakunja popanda kuithinitsa, ndipo musiye choncho mpaka ziume. Insert imene yapendama pang'ono pokha imachititsa kuti bawuti ilowe mokakamiza, ndipo vuto lomwelo limayambiranso.

Wanjinga600

Bawuti yoyamba ija yatuluka ndi njira ya ayironi, ndipo bowo lake ndi losalala monga mwanenera, koma chipupa chake chilibe mng'alu. Ndiyesa insert yolowetsa ndi moto pamenepo, ndipo pa lachitatu ndipanga phala. Nanga pa bulaketi ya aluminiyamu paja, kodi ndi pamene Helicoil ikuyenera?

Injiniya_Wopuma

Inde, pamenepo ndi pake. Helicoil ndi kawaya kachitsulo chosachita dzimbiri kopotedwa ngati sipuling'i, kamene kunja kwake kamalowa m'mazinga atsopano okulirapo, ndipo m'kati mwake mumakhala mazinga a muyeso wakale uja. Pa M5, imene mazinga ake amatalikirana 0.8 mm, mumaboola ndi dirilo ya 5.2 mm, mumadula mazinga ndi tapu yapadera imene imabwera m'paketi momwemo, mumalowetsa kawayako mpaka katamira pang'ono pansi pa pakamwa pa bowo, kenako mumathyola kamchira kamene kali kumapeto kwake. Pa M6 dirilo yake ndi ya 6.3 mm. Tapu wamba ya M5 kapena M6 siigwira ntchito imeneyi. Chotsani bulaketiyo pa njinga ngati n'kotheka, muipane zolimba, kuti muboole mowongoka. Mu aluminiyamu mazinga okonzedwa motere amapirira kumasula ndi kumanga kawirikawiri kuposa oyamba aja, chifukwa bawuti tsopano ikukhuzana ndi chitsulo cholimba. Yezani kuchindikala kwa bulaketi musanagule, chifukwa kawaya kafupi kwambiri kamafuna malo otalika ngati kunenepa kwa bawuti, ndiye kuti 5 mm pa M5. Bulaketi ikakhala yopyapyala kuposa pamenepo, ndi bwino kuikapo rivet nut, nati imene imafinyidwa m'bowo n'kukhazikikamo, kapena kungomanga ndi nati kuseri.

Pali njira inanso yosafuna paketi yapadera. Bowo la M5 limene latheratu mazinga limakhala la pafupifupi 5 mm, ndipo 5.0 mm ndiwo muyeso wa dirilo imene imafunika podula mazinga a M6. Choncho mukhoza kungoyeretsa bowolo ndi dirilo ya 5 mm n'kudulamo M6. Ndanena kuti mudziwe, koma pa fairing sindiikonda, chifukwa bawuti ya M6 siidutsa m'kachubu ndi mu labala ya bowo la kava, ndipo mumakakamizika kukulitsa bowo la kava yabwinobwino. Kuonjezera apo mumakhala ndi bawuti imodzi yosiyana ndi anzake, imene tsiku lina wina adzaikakamiza pa bowo lolakwika.

Galajayakale

Ndionjezepo chenjezo kwa ena amene akuwerenga: Helicoil musaiike m'kati mwa insert yachikasu imene ili mu pulasitiki. Chipupa chake n'chopyapyala, ndipo mphamvu ya tapu yokha ndi yokwanira kuizungulitsa mu pulasitiki, kotero mumayamba ndi vuto limodzi n'kumaliza ndi awiri. Insert yotere ikatha mazinga, itenthetseni, muizule, muikemo ina.

Tsopano ndifunse chimene palibe amene wafunsa: n'chifukwa chiyani mabowo atatu awonongeka pa mbali imodzi yokha? Ma insert sazuka okha. Achimwene a Wanjinga600, yalani mabawuti onse a kava imeneyo pa nsalu, muwafanizire ndi a mbali ya kumanja. Ndikukayikira kuti mupeza ena otalika kuposa anzawo. Bawuti yaitali ikalowa m'bowo lotsekeka pansi imagunda pansipo mutu wake usanafike pa kava, ndipo womangayo poona kuti kava ikugwederabe amapitiriza kuthinitsa. Kuyambira pamenepo bawuti imagwira ntchito ngati jeke, imakankha pansi pa bowo n'kukwezera insert kunja, ndipo ndi mmene pulasitiki imang'alukira. Onaninso ngati tichubu tachitsulo ta pansi pa mitu ya mabawuti tilipo tonse. Mabawuti ambiri a fairing ali ndi phewa, kapena amadutsa m'kachubu, kuti chitsulo chithine pa chitsulo pamene pulasitiki yangogwiridwa mofatsa ndi labala. Kachubu kakasowa, bawuti imafinya labala ndi pulasitiki popanda poimira, womanga samva kuti yafika, ndipo insert imakokedwa mpaka kuzuka.

Chachitatu, onani ngati bulaketi ija sinapindike. Njinga imene inagwerapo mbali imeneyo imakhala ndi bulaketi yosuntha pang'ono, mabowo salunjikana, ndipo munthu amakoka kava ndi bawuti kuti ifike. Kukonza mazinga osawongola bulaketi ndi kungochedwetsa vuto.

Mayi_Mabawuti

Pa kufanizira mabawutiko muyang'anenso mtundu wa mazinga. Pali bawuti ya muyeso wa ku America yotchedwa 10-32, imene kunenepa kwake ndi pafupifupi 4.8 mm ndipo mazinga ake amatalikirana pafupifupi 0.79 mm. Ndi maso simungaisiyanitse ndi M5, ndipo imalowa mu insert ya M5 popanda kukana, koma imakhala yokhwepa, imangogwira nsonga za mazinga, ndipo ikathinitsidwa imazimeta. Mapaketi ena a mabawuti okongoletsera amakhalanso ndi miyeso yosalongosoka. Ngati mwini wakale anasintha mabawuti, ndi bwino kugula a muyeso weniweni potsata buku la zipangizo za njingayo, limene limasonyeza utali wa bawuti iliyonse ndi malo ake. Pochotsa fairing ine ndimajambula kavayo pa katoni n'kubaya bawuti iliyonse pamalo ake, kuti yaitali isapite pa bowo la yaifupi.

Pomanga, lowetsani mabawuti onse ndi zala poyamba, iliyonse izungulire kangapo popanda chida, ndipo musathinitse ngakhale imodzi mpaka onse atalowa ndipo timano ta makava talumikizana. Bawuti imene ikukana kulowa ndi zala ikukuuzani kuti china chake sichinalunjike. Makina omangira a batire asayandikire fairing. Gwirani Allen key ku mbali yake yaifupi pothinitsa, kuti dzanja lisakhale ndi mphamvu yopitirira. Muyeso weniweni wa kuthina uli m'buku la njinga yanu, ndipo mukauona mudabwa kuchepa kwake poyerekeza ndi wa mabawuti a injini a kukula komweko.

Injiniya_Wopuma

Amene mumakonda kusintha mabawuti n'kuika a chitsulo chosachita dzimbiri, kumbukirani kuti chitsulo chimenechi chikakhala mu aluminiyamu pamalo onyowa, aluminiyamuyo amadyeka n'kupanga ufa woyera umene umamanga bawuti, ndipo pomasula mazinga amatuluka nayo. N'kutheka kuti ndi zimene zinachitika pa bulaketi ya mnzathuyu. Kupaka anti-seize, gilizi woletsa zitsulo kugwirana, wochepa kwambiri pa mazinga olowa m'chitsulo kumateteza, koma bawuti yopakidwa imaterera, choncho muchepetse mphamvu pothinitsa. Ndipo ngati njinga yanu ya ku Japan ili ndi masikuluu a mutu wamtanda okhala ndi kadontho pambali, amenewo ndi a JIS, muyeso wa ku Japan. Sikuludiraiva ya Phillips imadumpha m'mitu yotere, munthu amaikankha mwamphamvu kuti igwire, ndipo kukankha kumeneko nakonso kumasunthira insert m'kati.

Mphepo_Yamsewu

Nanga pamene nsonga yonse ya pulasitiki yathyoka n'kutayika, popanda poika insert, si pamene tingoboola n'kuika rivet nut mu kavamo?

Mmisiri_wa_Pulasitiki

Rivet nut wamba anapangidwira malata ndi zitsulo zopyapyala. Pomufinya kuti agwire amaluma malo aang'ono kwambiri mozungulira bowo, ndipo ABS imang'aluka nthawi yomweyo kapena amadzayamba kuzungulira pambuyo pake, ndipo rivet nut wozungulira ndi wovuta kuchotsa kuposa insert. Ngati kuseri kukufikika ndi dzanja, bawuti yodutsa yokhala ndi washala wotakata ndi nati ya nayiloni m'kati ndi yodalirika kuposa zonsezi, kungoti imafuna zida ziwiri pomasula. Ngati sikufikika, pangani khutu latsopano. Dulani chidutswa cha ABS chochindikala 3 mm, muchipinde ndi mpweya wotentha kuti chitsate maonekedwe a kava, muchimate kum'kati ndi phala pa malo otakata, muboole bowo mutalumikiza makava, kenako muvekepo kapanichitsulo ka U ka M5. Kapanichitsulo kali ndi ubwino wakuti kamasuntha pang'ono kutsata bawuti, ndipo kakatha mazinga mumangokasolola n'kuvekapo kena. Amene amachotsa fairing kawirikawiri, monga a mipikisano, amaika zomangira za Dzus zimene zimatseka ndi kupotoza pang'ono chabe, koma zimenezo zimafuna kuboola mabowo okulirapo ndi kukhoma tizitsulo tolandirira kuseri.

Pa kava ya PP phala la acetone silingathandize, ndipo khutu latsopano liyenera kuwotchereredwa ndi ndodo ya PP yomweyo, kapena kumangidwa ndi marivet awiri a aluminiyamu okhala ndi mawashala kuseri kwake. Insert yolowetsa ndi moto imagwira mu PP, koma pulasitiki imeneyi ndi yofewa, kotero sankhani yaitali kwambiri imene bowolo lingalandire.